Usiku Umene Lloyd Anatseka Maalamu Onse

Lloyd anaweruka mochedwa, akabaza onse atapita kale kokagona. Ankagwira ntchito pa kampani ina m'tauni ya Zomba yosamalira maseva, makompyuta akuluakulu aja osunga zinthu za maofesi ndi masukulu. Sukulu anapitadi, koma matama ake ankakhala ngati netiweki anaibereka yekha.

Chinamuchedwetsa ndi maalamu. Kompyuta yoyang'anira netiweki yonse inangokhalira kulira kuyambira masana chifukwa cha chingwe chimodzi chopita ku nsanja ya pamwamba pa phiri, chimene chinkavuta mphepo ikaomba. Wanzeru akanatseka alamu ya chingwe chokhacho. Koma kufufuza imodzi pakati pa maalamu ambirimbiri n'kotopetsa, ndiye bwana Lloyd anangodina kamodzi, onse zii. Ya utsi, ya kutentha, ya mabatire, onse anawatseka pakamwa mpaka m'mawa. Ulesi umanyansa, makamaka ukavala tayi.

Potuluka anaona a Idi, mlonda wa usiku, akukokera katoni m'chipinda cha mabatire. Nyengo yozizira alonda ankabisala mmenemo chifukwa munkafunda. Lloyd sanawatsanzike n'komwe. Kwa iye mlonda ndi geti sizinkasiyana.

Anauyatsa wapansi wa ku Chinamwali, nkhungu itatsika m'phiri n'kuphimba msewu. Pa mlatho wa Mulunguzi anapeza munthu ataima pakati, atavala chijasi cha alonda, chibonga chili m'manja.

"Bwana, mwatseka belu," anatero munthuyo. "Ndine Stephano wa pageti."

"Pageti pathu palibe Stephano. Kagoneni, madala, kachasu wakukwanani."

Lloyd anatsonya n'kumulambalala. Anayenda pang'ono. Atadzutsa maso... munthu yemwe uja, patsogolo pake! Anacheuka. Pa mlatho panalibe aliyense.

"Mkatimo mukutentha, bwana. Ndagogoda, palibe wondimva."

Kenako fungo linamupeza. Fungo la asidi. La nsalu yopserera. Chijasi chija chinkafuka utsi. Lloyd anamuunika ndi foni. Nkhope inali bii ngati chitsa chopsa. Maso osaphethira. Ndipo kuwala kuja... kunapyoza pachifuwa n'kukagwera pa phula!

Chizungu chonse chinauma kukamwa. Wonyoza uja tsopano anali kamunthu komvetsa chisoni, kolephera ngakhale kukuwa. Mawu amodzi okha ndi amene ankalira m'mutu mwake: mkatimo mukutentha. Apo m'pamene anakumbukira kuti m'chipinda chija wasiyamo munthu wamoyo, ndipo palibe chimene chikanamudzutsa.

Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande.

Ku ofesi kunali bata lochititsa mantha. Makina oziziritsa anali atazima, utsi ukutuluka kunsi kwa chitseko cha chipinda chija. Chitseko chinali chitamamatira ndi kutentha. Anachigunda ndi phewa mpaka chinagonja. Mabatire anali atafufuma, a Idi ali kwala pa katoni yawo. Anawakokera pa kapinga, akuwagwedeza, akuwaitana "bambo", mawu amene anali asanawatchulepo kwa mlonda chiyambire ntchito.

Patapita nthawi a Idi anatsokomola n'kutsegula maso.

"Mwadziwa bwanji, bwana, poti belu silinalire?"

Lloyd anayang'ana pansi. "Wandiuza ndi mnzanu wina pa mlatho. Akuti ndi Stephano."

A Idi anadzuka pang'onopang'ono, namuyang'anitsitsa.

"A Stephano ndi amene ine ndinalowa m'malo mwawo. Anatisiya kalekale, inu musanamalize n'komwe sukulu. Anawapeza m'mawa m'chipinda chomwechi, zala zitanyuka ndi kukanda chitseko. Bwana wa nthawi imeneyo nayenso ankati mabelu akumusokosera."