Bikoni ya pa Chitunda cha Mapale

Anachoka pachitunda mdima utagwa kale, basi yomaliza itapita. Anali mayi woyeza malo, ndipo ili linali tsiku lachitatu akusakasaka bikoni, kamwala ka simenti kosonyeza malire, osaipeza.

Chitundacho chinali m'mbali mwa nyanja. Akatswiri ofukula zakale ankati anthu anakhalapo kalekale, n'kusiya mapale, mikanda ndi phulusa la moto wawo. Zaka makumi anayi zapitazo boma linapayeza, n'kulemba kuti ndi malo otetezedwa. Tsopano kampani ina youmba njerwa inkafuna dothi la pachitundacho. Loya wake anauza khoti kuti mapu akalewo sakunena za chitunda chimenechi, poti palibe bikoni ngakhale imodzi. Woweruza anati ikapanda kupezeka pofika Lachisanu, makina alowa.

Mayiyo anakulira komweko, koma chimwalirire amayi ake sanapondekonso. Njira yopita kumsewu inkadutsa panyumba yakale ya akatswiri aja, yomwe tsopano inalibe denga. Anachepetsa liwiro. Anakumbukira mabeseni a mapale atandanda pakhonde, fungo la dothi lonyowa, okumba akusekana pa nthawi ya tiyi. Ali mwana sankachoka pamenepo, mpaka anamutcha Kaphale.

Kenako anamva chitsulo chikukhula miyala. Kwee... kwee...

Anaima. Phokoso lija linaimanso.

"Kaphale, wakula."

Pakhomo lopanda chitseko panaima nkhalamba, fosholo ili m'manja. Anaizindikira: kapitawo wa okumba, amene ana ankamutchula Agogo Fosholo.

"Agogo, mwandiopseza. Muli bwanji?"

Moniwo sanauyankhe. "Bikoniyo ukuifunira kumunsi, kumene kuli madzi lero. Nyanja inabwerera m'mbuyo, mwanawe. Ife tinayeza madzi ali pamtunda. Tiye."

Anawatsata kubwerera kuchitunda. Nkhalamba inkayenda patsogolo osacheuka.

"Eni ake sakugona masiku ano," inatero. "Akumamva makina."

"Eni ake ati, agogo?"

Nkhalamba inangolowa mu udzu.

Mayiyo anayamba kuzizidwa. Udzu unali wofika m'chiuno. Pamene iye ankadutsa unkalira, unkagwa. Pamene ankadutsa agogo... unkangoima njoo.

Anafuna kubwerera. Koma anangopitiriza kuwatsata.

Anafika pachitsamba cha minga. Fosholo inaloza pansi.

"Apa. Ndinaika ndi manja angawa."

Anagwada, n'kuyatsa tochi ya foni. Anafukula ndi zala. Dothi. Mizu. Kenako chinthu cholimba, chosalala... simenti! Pamwamba pake panali manambala.

"Agogo, ndi yomweyi!"

Anatukula mutu. Panalibe munthu. Anawalitsa uku ndi uku. Udzu wokhawokha.

Anathamanga mpaka kumsewu, kumene lole ina inamutenga.

Lachisanu woweruza anafika yekha pachitunda. Manambala anafanana ndi a pamapu, ndipo atayeza kuchokera pamenepo mabikoni ena atatu anapezekanso. Khoti linagamula kuti pasakumbidwe ngakhale wilibala imodzi ya dothi.

Kutacha, mayiyo anagula bulangete ndi shuga n'kupita kukathokoza. Za udzu zija anadziuza kuti kunali kutopa chabe. Nyumba ya Agogo Fosholo ankaikumbukira. Anapeza mkazi wa kapitawoyo akusoka pakhonde, maso ali pafupi ndi singano.

"Ndine Kaphale, agogo. Agogo aamuna alipo? Ndi amene anandisonyeza bikoni Lachitatu."

Mayi wokalambayo anaika nsalu pamwendo.

"Amuna anga tinawaika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mwanangu. Iwe unali kutali, panalibe wokuuza."

Kaphale anakhala pansi, bulangete lili m'manja. Anafotokoza zonse. Agogowo anamvetsera osamudula, kenako anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Ndi iwowo. Ali moyo ndinkalimbirana ndi chitunda chimenecho. Ndiye auka m'manda n'kupita kumapale awo, ine pano osandidzera ngakhale kutulo."