Mwendo wa Nkuku ya ba Lemmy

Wednesday, 15:40, Kabwata. Ba Inspector Beatrice Ng'andu, 22 years mu CID, banapeza ba Lemmy bagona pansi mu garage yamene benze banasandusa studio. Bafa. Tripod ya camera pambali ili na magazi, ma light akali kuyaka. Pa table nkuku yowocha, yong'anima monga yapa billboard, koma mwendo umozi kulibe.

Ba Lemmy sibenzo jambula ma wedding. Benzo kamba ati bantu bavuta, aliyense afuna umuchoseko mimba pa photo. Beve nchito yao inali vakudya va ma restaurant ya ku Northmead, nsapato za ma boutique, na manyumba ya ma agent.

Ba Sergeant Kasuba benze basiliza kale case. "Madam, ni mukazi wao. Ma neighbour banamvela bayambana kuseni."

17:00, mu interview room. Ba Agness, mukazi wa ba Lemmy, maso yotupa.

"Amai, munayambana chani?"

"Polish yanga ya nsapato, madam. Banaitenga futi." Banaseka pang'ono, misozi nayo yabwela. "19 years nibisa, 19 years baipeza."

"Benzo chita nayo chani?"

"Kupaka nkuku. Ija siyopya, mukati ni yaibisi. Bamaiwocha chabe pamwamba, then polish na engine oil kuti ing'anime pa photo. Nili new mu chikwati ninalumako. Three days mu toilet, beve kunja kwa door baniimbila nyimbo za choir. Panyumba patu olo galu aziba, vapa table ija sibadya."

Ba Inspector banayasha camera. Photo ya 14:05, miyendo ibili. Ya 14:22, last one, mwendo umozi.

"Sergeant, wamene anadya uyu mwendo ni mulendo."

"Madam, ma neighbour..."

"Ma neighbour banamvela chikwati chabe."

Koma ba Agness banagona mu cell ndithu. Umboni unali usanakwane.

Mu phone ya ba Lemmy, call ya last inali ya 13:30, kuchoka kuli ba Kampamba, agent wa manyumba.

Thursday, 09:15, Woodlands. Ba Kampamba mu office, nkope yambuu, thukuta fulu, ka bottle ka ORS pa desk.

"Shani ba Kampamba, mwadwala?"

"Ka malaria chabe, madam. Wednesday nenze ku Chelstone whole day."

Mu ten minutes banatamangila ku toilet kabili. Kachitatu banapeza ba Inspector baimilila pa door, na ba Kasuba bangena na ka plastic kuchoka ku motoka ya ba Kampamba: fupa ya nkuku mu tissue, tissue yonse brown na polish.

"Nkalani pansi. Lab izakamba, koma mimba yanu yayamba kale. Munabapaila chani?"

Banankala, bagwila pamimba. "Ba Lemmy bananijambulila nyumba ku Kabulonga, naifaka pa sale. Manje banaziba ati ni ya mayi wina wamasiye waku church kwao, ndipo sagulisa. Ninamunamiza ati ni ma photo ya insurance. Ba Lemmy ati chosa ma photo yanga lelo, olo niyenda nayo ku police. Ninayenda chabe kubapapata. Ati wait nisilize shot. Na njala, ninatyola mwendo. Banacheuka, kuseka, ati iwe Kampamba, na nkuku yaboza uba? Bagwila phone kuti batumile uja mayi. Tripod inali pafupi."

"Sergeant, bamangeni. Koma muyambe mwabapeleka ku toilet."

12:30, ba Inspector banapeleka ba Agness ku Kabwata na motoka yao. Mu garage, ba Agness banatola ka tin ka polish, banakapukuta na chitenge.

"Muzakabisa kuti manje, amai?"

"Awe madam." Banakafaka pafupi na camera. "Kankale apa pamene benzo kafunila."