Waya wa Alamu Anga

Ndikanama pano, mphenzi indiombe dzuwa likuswa mtengo! Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, zotsalazo ndinamva ndi makutu.

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali okonza mawailesi. Masana ankakonza a anthu. Usiku ankakhalira yawo yopanga okha, chibokosi cha mawaya ngati matumbo a nkhuku. Anakoka waya kuchokera pawindo mpaka pamtengo wa kuseri kwa mpanda, wamtali woti n'kuyanikapo zovala za mpingo wonse. Achemwali anayanikapodi tsiku lina. Ukwati unatsala pang'ono kutha.

Wailesiyo sinkaimba nyimbo ayi. Inkangolira tii, tii. Alamu ankati ameneyo ndi mnzawo wa kutsidya kwa nyanja yamchere, munthu woti sanaonanepo naye.

"Mafunde akewa ndi apansi, mlamu," ankandiuza. "Amakwawa pamadzi ngati kamba, ndipo amayenda mumdima mokha."

Zoonadi. Chilembo chimodzi kuti chifike, madzi osamba ankazizira. Moni wa madzulo ankatha tambala akulira.

Alamu ankayankha pogogoda kachitsulo ka wailesiyo. Chala chawo chinathyokapo kale, ndiye kugogoda kwawo kunali kotsimphina. Akafuna tiyi ankagogodanso khoma la kuchipinda: kawiri msangamsanga, kenako kamodzi mochedwa. Achemwali ankadzuka akung'ung'udza, "Anzanga anakwatiwa ndi anthu, ine gogomole." Koma tiyi ankabwera.

Usiku wina atakangana, alamu anagogoda. Achemwali ananamizira tulo. M'mawa anawapeza pampando, zomvetsera zili m'makutu, ataziziratu.

Kuyambira pamenepo achemwali tiyi sankamuyang'ananso. Anakananso kuti waya adulidwe. Munthu anauma ngati nkhuni.

Patapita zaka, eni nyumba anafuna nyumba yawo. Ndinapita kukathandiza kulongedza. Magetsi anali atadula kale. Ndinayala mphasa m'kachipinda ka mawailesi, pakati pa makatoni. Fungo la mtovu wowotcha linali likadalimo, ngati mwini wake wangotuluka pang'ono.

Tulo titangoyamba kundiba, ndinamva tii.

Ndinadziomba mbama. Ndimati udzudzu.

Tii.

Zimachokera m'katoni. Ndinatsegula. Zomvetsera zija. Chingwe cha wailesi chinali chokulungidwa, pulagi ndinaigwira m'manja mwangamu. Pawindo, nsonga ya waya inkanjenjemera. Kunja kunalibe mphepo, ngakhale tsamba kugwedezeka.

Kenako zii. Ndinadikira mpaka mwendo kuchita dzanzi.

Tiiii. Kochedwa. Kotsimphina.

Chitseko chinatseguka. Achemwali, kandulo m'manja.

"Ukugogoda ndiwe?"

"Ine manja ali m'khwapa, achemwali."

Zinayambiranso. Kawiri, zii, kamodzi.

"Chala chimenecho ndikuchidziwa," anatero.

Sanakuwe. Anapita kukhitchini. Ndinamva akumasula katoni, akufunafuna poto, akukupiza moto. Ine ndinatsala ndekha ndi alamu, kuyesa kukumbukira ngati ndinawalakwirapo. Achemwali anabwera ndi tiyi m'kapu ya alamu yothyoka chogwirira, shuga wambiri monga ankakondera, n'kuiika patebulo.

"Usiku uja ndinamva, bambo. Ndinali maso."

Tii, kamodzi, kakafupi. Waya anasiya kunjenjemera.

Achemwali anakagona. Mkonono wawo unamveka mpaka kumsewu, woyamba chimwalirire alamu.

M'mawa kapu inali mbee, yopanda ngakhale dontho. Achemwali anaiyang'ana, anaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kundipatsa pulayazi.

"Kwera, kadule wayayo. Amwa."

Aneba ena amati anali mnzawo wa alamu uja, sanamve za maliro. Ena amanong'ona kuti kugogoda kwa usiku uja kunalowa m'waya, kunawoloka nyanja, kunapeza kulibe woyankha, n'kubwerera chokwawa zaka zonsezi. Ine zamafunde sindinaphunzire.

Chimene ndakometsera ndi chimodzi chokha, cha kapu. Tiyi uja ndinamwa ndine, mantha amaumitsa kukhosi. Achemwali musakawauze.