Mawu a Mackson Anayenda Okha ku Biwi

Zipora ankagulitsa kaunjika ku Old Town, ndipo madzulo alionse ankabwerera ku Biwi wapansi, chikwama cha zovala zotsala chili pamutu. Akamayandikira kwawo, asanaone n'komwe chitseko, ankayamba wamva mawu a mwamuna wake.

Mackson ntchito yake inali yomasulira mafilimu. Ankadzitsekera m'kachipinda ka kuseri, kompyuta patsogolo, maikolofoni pakamwa, n'kumawayankhulira m'Chichewa anthu a m'filimumo. Zilankhulo zawo sankazimva. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja, n'kupeka zoti anene. Msilikali wa dziko lakutali ankasanduka Chisankho wa ku Mgona, wokwiya chifukwa amubera nkhuku. Anthu m'nyumba zoonetsera mavidiyo ankaseka mpaka kugwira nthiti. Filimu imodzi inkamutengera masiku awiri, ikatalika atatu.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, Zipora anafika pakhomo n'kupeza kuli zii. Anatula katundu n'kusuzumira m'kachipindamo. Mackson anali chikhalire, maikolofoni ili pamwendo.

"Bambo a Miracle, lero kulibe nkhondo?"

"Tabwerani muone," anayankha osacheuka.

M'filimumo munalibe mfuti kapena magalimoto othamangitsana. Munali mwamuna mmodzi wamtali, woonda, wokonda kuvala chijasi chakuda chofika m'mawondo. Anadzuka m'mawa n'kupeza mkazi wake palibe. Nsapato za mkaziyo zinalipo. Kapu ya tiyi inali patebulo ikutulukabe nthunzi. Munthuyo anadikira tsiku lonse atakhala pampando, ndipo mawa lake anayamba kufunsa anthu.

"Mwaitenga kuti?"

"Kwa Tahir." Ameneyu anali wokonza mafoni kumsika, yemwe ankamuikira mafilimu pa fulashi. "Ilibe ngakhale dzina. Munthuyu ndamutcha Jonah."

Zipora anaonerako pang'ono, n'kupita kukasonkha moto pambaula.

Masiku awiri anatha. Sabata inatha. Eni mavidiyo ankaimba foni kufunsa filimu yatsopano, Mackson osayankha. Anali adakali ndi Jonah.

Zipora sankachita mantha nthawi imeneyo. Chinamugwira chinali chidwi. Akamaliza kugoneka mwana wawo Miracle, ankakoka kampando n'kukhala kumbuyo kwa mwamuna wake. Anaona Jonah akupita kwa abale, kuchipatala, kokwerera sitima. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankagogoda katatu, n'kutsamiritsa khutu pachitseko. Anthu atatopa naye anasiya kumutsegulira, koma iye ankagogodabe. Ndevu zinakula. Kunyumba kwake ankaika mbale ziwiri patebulo. Pambuyo pake anayamba kugogoda makoma a nyumba yake yomwe, n'kuzula matabwa a pansi limodzilimodzi.

Mawu amene Mackson anamupatsa Jonah, Zipora anali asanawamvepo pa zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wawo. Anali mawu otsika, oyenda pang'onopang'ono, ouma ngati a munthu amene wakhala tsiku lonse osamwa madzi. "Odi kuno. Mwamuonako mkazi wanga?" Ankajambula chiganizo chimodzicho, kufufuta, kujambulanso, mwina kakhumi.

"Bwanji mukufufuta? Zinali bwino zija."

"Sizimene akunena."

"Inu mumamva chilankhulo chake?"

Mackson anakanda ndevu, pakuti nayenso anali atasiya kumeta. "Ena aja ndimangowaikira zilizonse, amavomera. Uyu ndikalakwitsa amandiyang'ana."

Zipora anaseka, koma anaseka yekha.

Tsiku lina anapempha kuti adumphe aone kumapeto, angodziwa ngati mkaziyo adzapezeke. Mackson anaphimba kompyuta ndi dzanja. Anati Jonah mwini wake sanafike kumeneko, ndiye iwo afikako bwanji. Sabata yachitatu, Zipora anamupeza ataima pabalaza, akugogoda khoma ndi chala, khutu atalitsamiritsa pa simenti. Atamufunsa, anati akungofuna kudziwa mmene zimamvekera.

Lachisanu la sabata imeneyo Zipora ataweruka anadzera ku Kawale kukazonda mnzake Peggy, amene anali atangobereka kumene. Macheza anakoma. Pochoka kunali kutada, ndipo atangotsika minibasi magetsi anazima dera lonse. Kunkazizira. Anthu anali atalowa m'nyumba msanga. Ogulitsa tchipisi okha ndiwo anatsala kumsewu waukulu, ndipo atakhotera m'kanjira ka kwawo, kuwala kwa moto wawo kunatsala kumbuyo.

Kanjirako kamadutsa pakati pa mashopu a owotcherera zitsulo ndi akalipentala. Onse anali otseka. Foni yake inali itatha moto. Ankayenda mwachizolowezi, phazi likudziwa lokha pamene pali ngalande.

Pafupi ndi chigayo chakale anamva kugogoda.

Go. Go. Go.

Anaima.

"Odi kuno. Mwamuonako mkazi wanga?"

Mtima unakhala pansi kaye, chifukwa anali mawu a mwamuna wake. Kenako unakwera ndi mkwiyo. Zafika apa tsopano, anaganiza, zoyenda m'makomo mwa eni. Anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma anaona chinthu chimene chinamutsekanso pakamwapo.

Mackson ndi wamfupi, wojintcha, woyenda mofulumira ngati wachedwa. Munthu amene anaima pakhomo la shopu ya zitsulo uja mutu wake unatsala pang'ono kugunda denga la khonde. Anali woonda. Chijasi chinkafika m'mawondo.

Anatsamiritsa khutu pachitseko. Anadikira. Kenako anapita pakhomo lotsatira.

Go. Go. Go.

Munthu wanzeru akanabwerera kumsewu, kumene kunali moto ndi anthu. Zipora ankadziwa zimenezo. Koma kwa masabata atatu anali akuonera msana umenewu pa kompyuta, ndipo miyendo yake inangoutsatira. Ankafuna aone ngati wina angatsegule. Ankafuna aone nkhope.

Anadutsa mashopu anayi. Anafika pa nyumba za lendi. Pa nyumba yoyamba munali kandulo, ndipo anthu ankayankhula mkati. Munthuyo atagogoda, mawuwo anasiya. Kandulo inazima. Galu wa pamenepo, amene amauwa ngakhale mphepo, anali atagona pakhonde mutu uli pamiyendo. Sanadzuke.

Zipora anazindikiranso kuti nsapato zake zokha ndizo zinkamveka pamiyala.

Pa mpopi wa madzi, pamene njira imagawikana, munthuyo anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope sinaoneke bwino, mdima unali wambiri. Zimene zinaoneka ndi ndevu, ndi maso awiri onyowa.

"Amayi," anatero. Mawu a Mackson enieni, ochokera pakamwa pa mlendo. "Mwamuonako mkazi wanga?"

Funso limene linali mumtima mwa Zipora masiku onsewa linatuluka lokha.

"Dzina lawo ndani, abambo?"

Munthuyo anaweramitsa mutu ngati akufufuza m'thumba lopanda kanthu.

"Sanandiuzebe," anatero. "Akuti andiuza lero."

"Ndani?"

"Amene amandiyankhulira."

Mphepo inadutsa, malata a mpopi analira. Munthuyo anasendera phazi limodzi.

"Nanga inu, amayi, dzina lanu ndani?"

Anafunsa mwaulemu, mwachisoni, mwakuti Zipora anamva chilembo choyamba chikufika pamano. Anadziluma mlomo. Magazi anamveka mchere m'kamwa.

"Ndine wongodutsa," anatero.

Sanathamange. Anamulambalala, mtunda wa mikono iwiri, ndipo pamene ankadutsa anamva fungo la fumbi lotentha, longa limene limatuluka kuseri kwa kompyuta ikagwira ntchito tsiku lonse. Anayenda osacheuka. Kumbuyo kunamveka kugogoda pakhomo lina. Kenako lina, loyandikira kwawo.

Pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yawo anapeza Amayi a Dyna akuwotha mbaula, Miracle atagona pamiyendo pawo.

"Mwachedwatu, anzanga. Mwanayu ndamutenga chifukwa bambo ake sakuyankha."

"Atuluka?"

"Atuluke kuti? Ndakhala pano chizimire magetsi. Chitseko chanu sichinatseguke."

Zipora anabwereka kandulo n'kulowa. Mackson anali pampando wake, kompyuta ili yozima, maikolofoni ili pakamwa. Milomo inkayenda. Khosi linkagwedezeka monga la munthu amene akuyankhula. Koma mawu sankatuluka, ngakhale kamphepo.

Anamugwira phewa. Anali wozizira ngati wagona panja. Anamugwedeza, ndipo maso ake anabwerera pang'onopang'ono. Anayesa kunena kanthu, n'kugwira pakhosi, kudabwa.

Patebulo panali kope limene ankalembamo mayina a anthu a m'mafilimu. Zipora anayandikitsa kandulo. Tsamba lonse linali mayina a akazi. Keziah, lokhwatchidwa. Queen, lokhwatchidwa. Fatu, Tiwonge, onse okhwatchidwa. Pansi penipeni panali dzina limodzi losakhwatchidwa, lozunguliridwa kawiri.

Linali lake.

"Mwalijambula kale?" anafunsa.

Mackson anapukusa mutu. Analoza babu lozima kudenga.

Zipora anang'amba tsambalo n'kuliyatsa pa kandulo. Anazula fulashi ku kompyuta n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. Anakatenga mwana, anakhoma chitseko, n'kutsamiritsako tebulo.

Sanadikire nthawi yaitali.

Go. Go. Go.

Mackson anadzuka kuti akatsegule. Zipora anamugwira mkono ndi manja onse awiri, zikhadabo zinalowa m'mnofu. Anakhala choncho, akuyang'ana chitseko. Chinalira pang'ono, monga chimachitira munthu akachitsamira. Panja palibe anayankhula. Milomo ya Mackson inayamba kuyenda, ndipo Zipora anaitseka ndi chikhatho mpaka inaleka.

Patapita nthawi kugogoda kunamveka kwa Amayi a Dyna. Kenako kutsidya kwa ngalande. Kenako kutali.

Mawu a Mackson anabwerera Lolemba, osasa ngati a munthu wochokera kumaliro. Za usiku uja ankangokumbukira kuti magetsi anazima ali pakati pa chiganizo, ndipo anamva kutopa ngati wayenda mtunda wautali. Za dzina anati anayesa onse, koma limodzi lokha ndi limene linkakwana pamilomo ya Jonah. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Tsiku lomwelo anakameta.

Zipora akanatha kutaya fulashi ija m'chimbudzi. Anafika nayo mpaka pakhomo la chimbudzi, n'kubwerera. Lachitatu masana anasiyira mnzake benchi ya kaunjika n'kupita kwa Tahir.

"Achimwene, filimu iyi munaitenga kuti?"

Tahir anaitembenuza fulashiyo m'manja. Anati inasiyidwa ndi kasitomala wina pamodzi ndi foni yakufa, ndipo mwini wake sanabwerenso. Nkhope yake sankaikumbukira.

"Tandiikireni kumapeto. Mawu mutseke."

Anaonera limodzi pa kompyuta ya Tahir, phokoso la msika lili kumbuyo kwawo. Inaoneka nyumba ya Jonah, matabwa a pansi ali mbwee, mbale ziwiri patebulo. Chitseko chinali chotsegula. Pa msomali pamene ankakoleka chijasi panalibe kanthu. Anadikira kuti Jonah alowe. Mphindi zisanu. Khumi. Makumi awiri. Katani yekha ndiye ankagwedezeka. Kenako mdima, filimu yatha.

Tahir anabweza m'mbuyo kufuna pamene munthuyo anatulukira. Sanapapeze.

"Mafilimu ena amangotha choncho," anatero, koma fulashiyo anaibweza msanga, ataigwira ndi nsonga za zala.

Pampopi nkhani inali itafika kale. Nyumba zisanu ndi ziwiri zinamva kugogoda usiku umenewo. Ena ankati anali wamisala wosochera kuchokera kutauni. Ena ankati ndi akuba amene amayesa ngati m'nyumba muli anthu. Koma onse amene anamva funso lija ankagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti mawuwo ankawadziwa, anawasekerapo kambirimbiri m'mavidiyo. Amayi a Dyna, potunga, ananong'oneza kuti munthu ukabwereketsa pakamwa pako kwa mlendo masabata atatu, usadabwe akapita napo kokayenda.

Mackson anabwerera ku mafilimu a nkhondo, ndipo anthu akusekabe. Akazi a m'mafilimu ake masiku ano alibe mayina. Onse ndi "mayi aja" kapena "chemwali".

Mwezi wa Ogasiti Peggy anabwera kudzaonetsa mwana. Ali mkati mocheza anati ku Kawale kwabuka munthu wogogoda m'makomo magetsi akazima. Sayankhula, akuti. Amangogogoda katatu n'kumvetsera.

Zipora anayang'ana chitseko cha kachipinda, mmene mwamuna wake ankakuwa ndi mawu a msilikali. Kenako anatsitsa mawu.

"Akadzayamba kuyankhula, udzandiuze kuti mawuwo ndi a ndani," anatero. "Koma akadzakufunsa dzina, iwe ndiwe wongodutsa."