Pasiwedi ya Nyenyezi

Anakumana padepoti ya Bangula, dzuwa likuswa mtengo. Ethel, mtsikana wogulitsa chitowe, ankalimbana ndi foni yake, kufuna kulowa pabwalo la pa intaneti pomwe alimi amakambirana za misika.

"Achemwali, foniyo yakulakwirani chiyani?" anafunsa mnyamata wina. Anali Augustino, wabizinesi ya nyemba, wokulira ndi kuphunzira ku Mozambique.

Anamutsegulira akaunti pompo. "Pasiwedi ndaika dzina lokuyenerani: Nyenyezi."

Ethel anaseka, koma mtima unali utapita kale!

Chikondi chinaphuka. Mayi a Augustino atadwala kwawo ku Mutarara, ku Mozambique, mnyamatayo anatsanzika. "Nambala yangayi kumeneko sigwira. Tizilemberana pabwalo paja. Sindidzakusiya, Nyenyezi yanga."

Koma tsoka silinunkha. Tsiku lina Ethel akuwoloka Shire kupita ku Makhanga, foni inagwera m'madzi. Atagula ina, bwalo lija linafuna pasiwedi. Analemba kuti Nyenyezi.

"Pasiwedi yolakwika."

Anayesa zilembo zazikulu, anayesa zazing'ono, yolakwikabe! Atadina poti "Mwaiwala pasiwedi?", uthenga unapita ku imelo yomwe sanaitsegulepo chibadwire. Kenako akaunti inatsekedwa.

"Tsegula maso iwe," anatero mnzake Immaculate. "Pasiwediyo amaidziwa ndani wina? Waisintha dala. Wapeza nyenyezi ina kutsidyako."

Ethel analira mpaka maso kutupa. Malonjezo onse aja anali bodza? Nanga munthu amasintha loko ngati akufunabe kuti ulowe?

Zokolola zitatha, anaonananso padepoti pomwe paja. Augustino anali ataonda, nkhope ili ndwii.

"Ndiye munthu amakanidwa chonchi, Ethel? Ngakhale yankho limodzi lokha?"

"Ndikanayankha bwanji utanditsekera panja? Nayi foni, lemba dzina la mkazi wako watsopanoyo!"

"Mkazi uti? Sindinasinthe kanthu ine!"

Pofika nthawiyi, akaunti ija inali itamasulidwanso yokha. Augustino analemba pang'onopang'ono, Ethel maso ali pachala: Nhenhezi.

Bwalo linatseguka!

"Nhe... chiyani? Nyenyezi amalemba choncho?"

"Eetu! Nh. Kwathu kusukulu anatiphunzitsa choncho m'Chipwitikizi, monga timalembera dzina la tawuni ya Nhamayabwe. Kodi kuno mumalemba bwanji?"

Ethel anagwira pakamwa. Miyezi yonse ija, misozi yonse ija, chifukwa cha chilembo chimodzi!

Mauthenga anali ataunjikana ngati matumba pamsika. Womaliza unkati: "Nhenhezi yanga, amayi achira. Ukandilola, ndituma amalume kwanu kwa Mbenje. Ukapitiriza kukhala chete, ndidziwa kuti wandikana."

Ethel anawerenga misozi ikudonthera pafoni. Anamuchitira chisoni mnyamatayu, anadzichitiranso manyazi pomuganizira zoipa.

Augustino anali pomwepo, koma Ethel anamuyankha pabwalo lomwelo. Foni ya mnyamata inalira m'thumba, iye n'kuitulutsa kuti awerenge.

"Amalumewo abwere, wapamtima wanga. Koma makhadi a ukwati ndikalemba ndekha!"