Mkaka wa Nsomba ya Dona

"Mayo ine! Diso lake layera!"

Towera anakuwa ali chogwada pa bokosi la galasi m'nyumba ya dona amene ankamugwirira ntchito pa boma la Mzimba. M'bokosimo munali nsomba zitatu zofiira, zosadyedwa, zongokongoletsa nyumba. Dona popita ku ulendo ananena mawu amodzi: ikafa imodzi, ntchito yatha. Tsono yaikuluyo diso linatupa, lachita ng'ala.

Pakhomo panaima mesenjala wa pa boma, makalata ali m'manja.

"Odi! Kodi maliro ndi a yani, NyaShaba?" anafunsa, kumutchula Towera ndi mfunda wake.

"Ndi nsomba, dada. Nsomba nayo imadwala maso? Kwathu ku Champhira timangokazinga!"

Mnyamatayo anaseka. "Ndine Fanuel. Pukuta misozi, duwa langa. Maso ako ndiwo andidwalitsa ine."

Mawa lake kakalata kanabwera: "Wakumtima wanga, ndilibe wina. Chimanga chikacha ndituma thenga kwanu." Towera anakawerenga kasanu, madzi a nsomba osasintha. Chikondi chimagonetsa ntchito, ana inu.

Lachitatu Fanuel anabwera ndi kansupa.

"Mankhwala a maso ndi mkaka wa m'mawere, sudziwa? Ndapempha kwa mlongo wanga."

Towera anazunguzika. Mwana amamugoneka chagada n'kumudonthezera. Nanga nsomba aigoneka bwanji? Anangothira wonse m'madzimo. Pofika masana madzi anachita mbuu, kununkha, nsomba zonse zili yasa kukamwa pamwamba!

Ali mkati molira anamva odi. Anali mayi wobereka khanda, thukuta lili kamukamu.

"Monire, mama. Ndine Dyness. Ndabwera kudzaona mwana wodwala maso uja. Mkaka wathandiza?"

"Mwana uti? Oo, ndinu alongo awo a Fanuel? Yewo chomene, mlamu!"

"Mlamu?" Dyness anamasula nsalu n'kutembenuza khandalo. "Taonani mphumi iyi. A Fanuel ndi amuna anga, wiske wa uyu, bambo wake weniweni. Anati mkaka ndi wa mwana wamasiye wa kwa dona."

Towera analoza bokosi lija.

"Wamasiye wake ndi uyo."

"Nsomba? Ine kudzikama m'mawa wonse, mwana wanga akulira, chifukwa cha ndiwo?"

Towera sanadziwe ngati aseke kapena agwe pansi. Anatulutsa kakalata kaja pachifuwa, koma Dyness anakankha dzanja.

"Sindiwerenga ine. Akuti wakumtima? Mbwenu ndi mawu omwewo amene ankandiuza ine. Nyamulani mtsuko, mama, nsombazi zifa mukulira mwamuna wa eni."

Anatunga madzi atsopano maulendo anayi. Yodwalayo anaipatula m'beseni, Dyness n'kuthiramo kamchere pang'ono, poti ndi mmene amatsukira zilonda. Madzulo Fanuel anatulukira akuimba mluzu.

"Duwa langa, mankhwala aja..."

"Duwa liti?" anafunsa Dyness ali kuseri kwa chitseko.

Munthu anathawa, chisoti n'kuchisiya pakhonde.

Dona atabwerako anapeza nsomba zitatu zamoyo, ina ya diso limodzi, ndipo ntchito sinathe. Koma chimanga chitacha, Towera ankayang'anabe kunjira, mtima ukuwawa ngati wapsa ndi moto.

Inu atsikana a lero, chitaniko bwino kuposa Towera. Mwamuna akabwera ndi mkaka, yambani mwaona mwini bere, ndipo madzi a nsomba muzisintha!