Kenelo Yakale ya Amalume

Ine nthawi yopeka nkhani ndilibe. Ndili ndi ana anayi, msana wopweteka ndi zochapa zosatha, ndiye mukaona ndakhala pansi kulemba, dziwani kuti zinachitikadi. Amene anaziona ndi maso ndi anthu atatu: Mayi Mawaya amene amakonza makompyuta m'kashopu ka pakona, mwana wawo wamkazi wachisamba, ndi telala wa khomo loyandikana nawo, munthu woti ngakhale zanyengo za pa wailesi amatsutsa. Sunali usiku ayi. Linali Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo.

Ntchitoyi Mayi Mawaya anaphunzira kwa achimwene awo, amene anamwalira ndi mphumu chaka chathachi. Malemuwo anasiya laputopu yakuda, yolemera ngati njerwa, ndipo ali gone m'chipatala ananena kuti imeneyo ndi ya mtsikanayu akadzapita ku koleji. Tsikulo linafika. Basi inali yonyamuka m'mawa mwake, ndipo laputopu inali kukana intaneti. Kachipangizo ka wayifayi kanali katafa, Mayi Mawaya anaikamo katsopano, koma makina sankakazindikira.

Vuto linali kenelo. Iwo anandiuza kuti kenelo ndi mtima wa mapulogalamu onse, imakhala pa disiki yodzutsira makina, ndipo ndi imene imalankhula ndi zitsulo: kiyibodi, fani, batire, zonse. Imene inali m'menemo malemu anachita kuumba okha kalekale, choncho katundu watsopano sinkamudziwa. Kuichotsa n'kuikamo ina ndi ntchito ya theka la ola. Anaganiza kuti akamaliza athamangire kukagula sopo ndi loko wa chikwama.

Malemu anali ndi lamulo lawo: kenelo yakale siitayidwa mpaka yatsopano itadzutsa makina katatu. Mayi Mawaya anatsatira. Atayatsa, pa sikirini panabwera mizere iwiri, pamwamba yatsopano, pansi yakale, imene malemu anaitcha dzina loti "yanga-osakhudza". Kamuvi kosankhira kanali pamwamba, masekondi akutha. Asanu. Anayi. Atatu.

Kamuvi kanatsika kokha.

Iwo anangoti batani lakakamira. Anapukuta, anauzira, anayatsanso. Kanatsika. Anazula kiyibodi yonse n'kulumikiza ina ya waya, kenako anapinda manja pachifuwa kuti asadzinamize. Kanatsikanso, pa sekondi yomweyo yachitatu.

Mtsikana uja anali atakhala pa benchi akupinda masiketi amene telala anamufupikitsira. Anaseka n'kunena kuti amalume ake sakufuna kuti azikacheza ndi anyamata pa intaneti. Mayi ake anamuuza kuti atseke pakamwa apinde zovala. Nthawi inali ikuwathera. Mwana wopita ku koleji ndi makina osagwira intaneti n'chimodzimodzi kumutuma kumunda ndi khasu lopanda mpini, ndipo shopu ya sopo imatseka faifi koloko.

Apa ndi pamene anaswa lamulo. Anatsegula disiki, anaipeza kenelo yakaleyo, n'kuifufuta yonse ndi dzina lake lomwe.

"Pepani achimwene," anatero chapansipansi. "Mwana akupita mawa."

Anayatsa. Mizere iwiri.

Mayi Mawaya si munthu wothamangira za mizimu. Anati mwina pali pena pamene yabisala, poti malemu anali munthu wosunga chilichonse pawiri, ngakhale makiyi a bafa. Ndiye anatenga disiki yatsopano, ya m'pepala lomata, anatuma mwana kukabwereka sizasi kwa telala. Telalayo anabwera nayo yekha sizasiyo, tepi ili m'khosi, akuti sizasi yake siyenda yokha ngati mbuzi. Iye ndi amene anadula pepalalo. Disiki yakale anamupatsa kuti agwire, ndipo anaiika m'thumba la malaya. Mayi Mawaya anaika zonse mwatsopano kuchokera pa fulashi yawo, osatengako kanthu n'kamodzi komwe ka malemu. Zinatenga ola lathunthu, telala ali chiimire akuwanena kuti amakonza zinthu zosaoneka n'chifukwa chake sanenepa.

Anayatsa.

Pamwamba yatsopano. Pansi, "yanga-osakhudza".

Telala anagwira thumba lake. Disiki inali momwemo.

Onse atatu amanena chimodzimodzi za zimene zinatsatira. Wailesi ya tsidya la msewu inali itazima. Ntchentche imodzi inkagunda galasi la zenera. Ndiye m'shopumo munayamba kumveka fungo la mafuta a bulugamu, aja malemu ankapaka pachifuwa mphumu ikawagwira. M'shopumo mafuta amenewo munalibe. Botolo lomaliza anataya okha Mayi Mawaya atachoka kumaliro.

"Aneba," telala ananong'ona, "isiyeni."

"Ndiisiye mwana apite ndi chiyani?"

Anayatsanso, koma ulendo uno anakanikiza batani lokwezera kamuvi ndi chala chachikulu, osachotsa. Asanu. Anayi. Atatu. Akuti anamva batanilo likukankha chala chawo kuchokera pansi, pang'onopang'ono, ngati munthu wofooka amene akuyesa kutsegula chitseko. Anakanikiza ndi manja onse awiri. Awiri. Imodzi.

Kenelo yatsopano inadzuka. Wayifayi inagwira. Mtsikana anawomba m'manja, telala anapuma mpweya wautali n'kunena kuti iye ankadziwa kale kuti ndi fumbi chabe. Mayi Mawaya analumikiza chaja kuti batire idzaze ya pa ulendo, n'kuyamba kutolera tizitsulo tawo. Fungo lija silinachoke.

Patapita kanthawi mtsikana anayang'ana pakona pa sikirini n'kusangalala. Anati laputopu yachira, chifukwa masiku onse batire sinkadutsa 60 peresenti, koma tsopano inali pa 80 ndipo ikukwerabe.

Gogogo.

Katatu, ngati chikhadabo pa pulasitiki. Umu ndi mmene malemu ankagogodera makina akamadikira kuti adzuke. Palibe amene anali pafupi ndi tebulo.

Gogogo.

Kunkachokera m'kati.

Mayi Mawaya anaima chilili, sikuludalaivala ili m'manja. Achimwene awo sankasiya chinthu mwangozi. Ngati batire inkaima pa 60, ndiye kuti anachita kuiuza kenelo yawo kuti iziimitsa pamenepo. Telala ndi amene anaona kuti laputopu sikukhala bwino patebulo, ikugwedera ngati mpando wa mwendo waufupi. Fungo linasintha. Linakhala lotsekemera, lolasa m'mphuno, ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

Anazula chaja. Anaitembenuza laputopuyo. Kunsi kunali kotentha koti sungasiyepo dzanja. Anayamba kumasula chivundikiro, ndipo chisanathe kumasuka chinadumpha chokha. Batire inali itatupa ngati pilo. Anainyamula ndi mapulayala, anaiponya m'ndowa yachitsulo ya mchenga imene imakhala pakhomo, telala anaikokera pabwalo. Sipanathe mphindi ziwiri. Inalira tsii, inatulutsa utsi woyera, kenako moto.

Mtsikana ameneyu ndimamudziwa kuyambira ali kumsana. Amagona ndi laputopu pabulangete, chaja ili pamagetsi, mpaka kucha. Mayi ake amukalipira mpaka kutopa.

Anaikamo batire yatsopano madzulo omwewo. Mwana anakwera basi, sopo anakagula konko. Telala mpaka lero amati kugogoda kuja inali pulasitiki ikuthetheka chifukwa cha kutupa, ndipo mwina akunena zoona. Ukamufunsa za mzere wachiwiri uja amayamba kufunafuna choko chake. Disiki yakale anaibweza tsiku lomwelo, akuti m'nyumba mwake salowa nayo.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ndikuti malemu anapulumutsa mwana, tithokoze, tikagone. Koma mtsikanayo amaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo mayi ake asanafunse n'komwe za maphunziro amafunsa za kamuvi. Kakutsikabe. Tsiku lililonse, pa sekondi yachitatu. Amachita kukanikiza batani kuti alembe ntchito ya kusukulu.

Atabwera patchuthi, Mayi Mawaya anaimasula yonse. Anasintha chaja, fani, mawaya, ngakhale tizomangira. Anayeza chilichonse kawirikawiri. Palibe chimene anapeza. Anamuuza mwanayo kuti aisiye, amupezera ina, koma iye anakana. Anati amalume ake anamupatsa, ndipo sanamulakwirepo. Anabwerera nayo.

Dzulo ndinawapeza ataima pakhomo pa shopu, foni ili m'manja, makasitomala awiri akudikira m'kati iwo osawaona n'komwe. Maso anali ofiira. Anati mwana waimba pakati pa sabata, zimene sachita. Kugogoda kwayambiranso. Laputopu ili yozima, ili m'chikwama, ili yozizira.

Ndinawauza kuti alowe akhale pansi. Sanasunthe.

"Batire tinasintha," anatero. "Nanga pano akuti chiyani?"